Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu Oyang'anira Chithandizo cha Khansa: Muyezeni Wodwala Musanapime Mankhwala

Kwa olemekezeka nduna za zaumoyo, akuluakulu a zipatala zothandiza odwala khansa, mabungwe ovomereza mankhwala, ndi inu eni makampani opanga mankhwala a khansa,

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga. Ndikudziwa kuti katundu amene mwasenza ndi wolemera. Bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linawerengera kuti mu 2022 mokha anthu pafupifupi 20 miliyoni anapezeka ndi khansa padziko lonse, ndipo pafupifupi 9.7 miliyoni anamwalira nayo. Mukakumana kukambirana za matendawa, nthawi yambiri imathera pa kusowa kwa mankhwala, kuchepa kwa madokotala, makina owonongeka, ndi odwala ofika kuchipatala zinthu zitavuta kale. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndabwera ndi dandaulo lina, limene silimveka kawirikawiri. Mankhwala akapezeka, wodwala n'kugona pabedi, dripi n'kupachikidwa, ndani watsimikiza kuti mlingo umene ukulowa mumtsempha mwake ndi womuyenera iyeyo, osati munthu wina wongoganiziridwa papepala?

Mankhwala ambiri amene timamwa ali ndi mpata waukulu pakati pa mlingo wochiritsa ndi mlingo wovulaza. A khansa ayi. Ndi poizoni wopimidwa, ndipo kampata ka pakati pa mlingo wopha chotupa ndi mlingo wopha mwini chotupacho ndi kakang'ono zedi. Akachepa, munthu amasanza, tsitsi n'kuthothoka, chotupa chikungokulabe. Akachuluka, asilikali a m'thupi amatha, m'kamwa ndi kummero mumadzaza zilonda, m'mimba mumatsegula osaleka, ndipo munthu amene akanachira amatisiya. Abale amauzidwa kuti thupi linali lofooka, n'kumalira kuti khansa ndi yoopsa, osadziwa kuti maliro ena mwa amenewa anali opeweka. N'chifukwa chake ndalemba poyera, kuti odwala ndi owadwazika amve nawo.

Dandaulo loyamba ndi masamu amene mukupimira mankhwala. M'zipatala zambiri padziko lonse, namwino amayeza kutalika ndi kulemera kwa wodwala, manambala awiriwo n'kulowetsedwa m'masamu onena kukula kwa khungu lonse la munthuyo, ndipo mankhwala amapimidwa pa sikweya mita iliyonse ya khungulo. Masamu otchuka kwambiri pa ntchitoyi anapangidwa ku America mu 1916 ndi akatswiri awiri a dzina la Du Bois, atayeza anthu 9 okha. Anthu 9, mabwana, ndipo akatswiriwo sankaganiza za khansa n'komwe. Mu 1958 dokotala wa ana, Donald Pinkel, analemba kuti njirayi ingathandize popima mankhwala a khansa, ndipo kuyambira pamenepo inakhazikika ngati lamulo. Sindikuinyoza, chifukwa inathandiza pa nthawi imene panalibe china. Koma khungu silichotsa mankhwala m'thupi. Ntchito imeneyo ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo ziwalo zimenezi sizigwira ntchito mofanana mwa anthu onse. Anthu awiri otalika mofanana, olemera chimodzimodzi, akhoza kulandira mlingo umodzi, wina magazi ake n'kukhala ndi mankhwala ochuluka kangapo kuposa a mnzakeyo.

Zimenezi zinadziwika kale. Mu 1998, William Evans ndi anzake a pachipatala cha St Jude ku Memphis, ku America, anafalitsa zimene anapeza pa ana odwala khansa ya m'magazi ya mtundu wa B. Ana amene mlingo wawo unkasinthidwa potengera liwiro limene thupi la mwana aliyense likuchotsera mankhwala a khansa otchedwa methotrexate anachita bwino kuposa anzawo: 76 pa 100 aliwonse matendawa anali asanabwerere patapita zaka 5, pamene mwa olandira mlingo wa masamu a khungu anali 66. Mu 2008 ku France, gulu la Erick Gamelin linachita zofananako pogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa fluorouracil pa odwala khansa ya m'matumbo. Ena ankalandira mlingo wa khungu, ena ankatengedwa magazi n'kusinthiridwa mlingo malinga ndi zimene zapezeka m'magazimo. Chotupa chinaphwa mwa odwala pafupifupi 34 pa 100 aliwonse a gulu loyezedwa magazi, ndi 18 okha a gulu linalo. Papita zaka zambiri chifalitsireni zimenezi. Kodi mwa zipatala zimene mukuyang'anira, ndi zingati zimene zimayeza mankhwala m'magazi a wodwala khansa?

Chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale njira yakaleyi siitsatidwa bwino nthawi zonse. Khansa imawondetsa. Munthu amene anayamba chithandizo akulemera makilogalamu 70 akhoza kutsika kufika pa 58 m'miyezi yochepa, ndipo ngati mlingo ukungokoperedwa kuchokera papepala la tsiku loyamba, ndiye kuti akulandira mankhwala a munthu amene kulibenso. Sikelo ikawonongeka kapena mzere ukatalika, kulemera kumangoyerekezedwa ndi maso. Kwa onenepa vutoli limatembenuka: madokotala, poopa kuwavulaza, amadula mlingo. Bungwe la madokotala a khansa la ku America, ASCO, linanena mu 2012 kuti odwala onenepa kwambiri ofika 40 pa 100 aliwonse ankalandira mlingo woperewera, ndipo linalangiza kuti azipatsidwa mlingo wonse wogwirizana ndi kulemera kwawo kwenikweni, makamaka pamene cholinga n'kuchiritsa. Kudula mlingo si chifundo nthawi zonse. Gianni Bonadonna wa ku Milan anatsatira kwa zaka 20 amayi amene anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere n'kupatsidwa mankhwala, ndipo amene anapindula kwambiri anali amene analandira magawo osachepera 85 pa 100 a mlingo umene unakonzedwa. Choncho ndikamati mlingo woyenera musamve ngati ndikupempha kuti aliyense muzimuchepetsera. Wina amafunika wochepa, wina amafunika wonse osadulako.

Dandaulo lachiwiri ndi limene limandiwawa kwambiri. Ndi la fluorouracil ndi mnzake capecitabine, piritsi limene likafika m'thupi limasanduka fluorouracil yemweyo. Mankhwalawa alipo kuyambira 1957 ndipo mpaka lero ndi odalirika pa khansa ya m'matumbo, ya m'mimba, ya kummero, ya m'mawere ndi zina. M'thupi la munthu, makamaka m'chiwindi, muli enzyme (chinthu chimene thupi limapanga chothandiza kuphwanya zinthu) yotchedwa DPD imene imaphwanya pafupifupi magawo 80 pa 100 a mankhwalawa. Anthu ena amabadwa enzyme imeneyi ili yochepa, ndipo owerengeka amabadwa alibiretu. Sadwala nazo, saoneka mwachilendo, akhoza kukalamba osadziwa. Zimadzadziwika tsiku limene alandira mankhwalawa. Mlingo umene mnzawo wa pabedi loyandikana akuupirira bwinobwino, mwa iwo umangounjikana m'magazi, ndipo m'masiku ochepa asilikali amagwa, matumbo amasupuka, ena mpaka mtima ndi ubongo zimakhudzidwa. Mankhwala opulumutsa alipo, uridine triacetate, amene anavomerezedwa ku America mu 2015, koma amayenera kuyamba kuperekedwa pasanathe maola 96 chilandirireni fluorouracil kapena capecitabine komaliza, ndipo m'maiko ambiri sapezeka.

Njira yodziwira ngoziyi isanachitike ilipo: magazi pang'ono, kamodzi kokha, chithandizo chisanayambe. Amene enzyme yake ndi yochepa amayambira pa theka la mlingo n'kumakwezeredwa thupi likalola, ndipo amene alibiretu amasankhiridwa mankhwala ena. Ku Netherlands, kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 pa odwala oposa 1,100 anapeza kuti pafupifupi 8 pa 100 aliwonse anali ndi kusintha m'jini (kachibadwa kotengera kwa makolo) la DPYD, lomwe limapanga enzyme ija, ndipo kuwachepetsera mlingo poyamba pomwe kunachepetsa ngozi. France inalamula mu 2019 kuti mankhwalawa asaperekedwe wodwala asanayezedwe. European Medicines Agency, bungwe lovomereza mankhwala ku Ulaya, inalangiza zoyeza mu 2020, ndipo England inayamba kuyeza odwala ake onse chakumapeto kwa chaka chomwecho. Inu amene simunayambe, mukudikira umboni wina uti?

Dandaulo lachitatu likukhudza ngakhale amene anayamba kuyeza. Kuyeza kofala kwambiri kumafufuza mitundu 4 ya kusintha kwa jini la DPYD, ndipo mitundu 4 yonseyo inadziwika pofufuza makamaka azungu. Anthu ochokera ku Africa ali ndi kusintha kwawo, monga kotchedwa c.557A>G, kumene kuyeza kwa mitundu 4 kuja sikukuona. Munthu akhoza kuyezedwa, n'kuuzidwa kuti zonse zili bwino, n'kulandira mlingo wonse, n'kuvulala. Mu 2024 bungwe la Association for Molecular Pathology ku America linaika kusintha kumeneku pamndandanda wa zoyenera kuyezedwa, choncho inu amene mumasainira zogula zipangizo za mu labotale, funsani kaye kuti chipangizocho chimaona chiyani. Njira ya ku France yoyeza m'magazi uracil, chinthu chachibadwa m'thupi chimene enzyme ya DPD imaphwanyanso, ili ndi ubwino woti siidalira dzina la kusinthako, imangoona ngati enzyme ikugwira ntchito. Vuto lake n'lakuti magaziwo amafuna kusamalidwa msanga akangotengedwa, ndipo impso zofooka zimasokoneza zotsatira. Si fluorouracil yekha. Kusintha kwa jini la UGT1A1 kumene kumachititsa irinotecan kuvulaza kwambiri n'kofala mwa anthu akuda kuposa mwa azungu. Mwa ana 300 aliwonse, pafupifupi mmodzi alibe enzyme ya TPMT, ndipo mercaptopurine amene ana odwala khansa ya m'magazi amamwa tsiku ndi tsiku akhoza kumutheratu magazi. Kum'mawa kwa Asia ngozi yomweyi imabwera kawirikawiri kudzera m'jini lina, NUDT15.

Chitsanzo chimene chimandidabwitsa n'cha asilikali a m'magazi otchedwa neutrophil. Chemotherapy (mankhwala opha khansa) isanaperekedwe magazi amayezedwa, ndipo ma neutrophil akakhala pansi pa 1,500 pa microlitre iliyonse, nthawi zambiri mankhwala amaimitsidwa kapena kuchepetsedwa. Malire amenewa anakhazikitsidwa poyeza makamaka azungu. Koma anthu ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, pamodzi ndi zidzukulu zawo za ku America ndi ku Caribbean, ali ndi mtundu wa magazi wotchedwa Duffy-null, umene umateteza ku malungo a mtundu wa vivax. Anthu otere ma neutrophil awo amawerengeka ochepa m'magazi mwachibadwa, ali athanzi, ndipo sadwaladwala kuposa anzawo. Ndiye mayi amabwezedwa: "Asilikali achepa, mudzabwere sabata yamawa." Sabata yamawayo n'kubwezedwanso. Chithandizo cha miyezi 4 chimakokeka mpaka miyezi 6 chifukwa cha nambala imene kwa iye ndi yachibadwa, ndipo magawo 85 pa 100 a Bonadonna aja samawafikanso pa nthawi yake. Anthu omwewa amakanizidwa kulowa m'kafukufuku wa mankhwala atsopano pa chifukwa chomwechi, mankhwala n'kutuluka asanayesedwe mokwanira pa iwo. Sindikunena kuti malirewo angotayidwa, chifukwa kugwa kwenikweni kwa asilikali kumapha. Ndikunena kuti dokotala apatsidwe njira yosiyanitsira amene wagwetsedwa ndi mankhwala ndi amene anabadwa choncho.

Chachinayi ndi impso. Carboplatin ndi umboni woti zimene ndikupempha n'zotheka, chifukwa kuyambira 1989, pamene Hilary Calvert wa pachipatala cha Royal Marsden ku England anafalitsa masamu ake, mankhwalawa amapimidwa potengera mphamvu ya impso za wodwala aliyense. Koma m'zipatala zambiri mphamvuyo imayerekezedwa poyeza m'magazi creatinine, zinyalala zimene impso zimachotsa, ndipo creatinine amachokera m'minofu. Munthu amene khansa yamudya minofu creatinine wake amatsika, pepala n'kuonetsa ngati impso zake n'zamphamvu kuposa mmene zilili, mlingo n'kukwera. Ndipo labotale ikapanda kuyeza tsiku limenelo, chiyeso chimakhalapo chogwiritsa ntchito zotsatira za miyezi yapitayo, pamene cisplatin, mwachitsanzo, amafooketsa impso ulendo ndi ulendo.

Chachisanu sichifuna makina alionse, chimangofuna munthu wokhala pansi n'kufunsa kuti, "Mukumwanso chiyani?" Odwala khansa ambiri ali ndi matenda ena. Rifampicin, mankhwala a chifuwa chachikulu, amafulumizitsa chiwindi moti imatinib amatsika m'magazi kuposa theka, wodwala n'kumamwa mapiritsi ake mokhulupirika koma khansa ya m'magazi osagonja. Ma ARV okhala ndi ritonavir kapena cobicistat amachita zosiyana: amachedwetsa chiwindi, ndipo mankhwala a khansa a vincristine ndi docetaxel amachuluka mpaka kuvulaza. Mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, monga omeprazole, amalepheretsa erlotinib ndi dasatinib kulowa bwino m'magazi. Capecitabine akakumana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, munthu akhoza kutaya magazi. Allopurinol, mankhwala a nyamakazi ya gout, amachulutsa mphamvu ya mercaptopurine. Zitsamba nazo zili momwemo: ku Rotterdam, ku Netherlands, mu 2002 anapeza kuti chitsamba cha St John's wort chinachepetsa mphamvu ya irinotecan m'magazi ndi magawo pafupifupi 42 pa 100. Wodwala saulula za zitsamba ngati akudziwa kuti akadzudzulidwa. Ndipo komwe kiliniki ya khansa, ya ma ARV ndi ya TB sizilankhulana, wodwala amasanduka mtengatenga wa uthenga umene iye mwini sakuumvetsa.

Za okalamba ndinene mwachidule. Milingo yambiri inayesedwa pa anthu ocheperako zaka ndi olimba, koma khansa imagwira kwambiri achikulire. Ku Britain, kafukufuku wa GO2 wofalitsidwa mu 2021 anayesa milingo itatu pa okalamba ndi ofooka odwala khansa ya m'mimba ndi kummero yosachiritsika, ndipo olandira magawo 60 pa 100 a mlingo matenda awo sanakule kwa nthawi yofanana ndi olandira wonse, koma anavutika pang'ono. Chaka chomwecho ku America, kafukufuku wa GAP70+ anaonetsa kuti kungoyesa kaye mmene wokalamba akuyendera, akukumbukirira, akudyera ndi mankhwala amene akumwa, n'kupereka zotsatirazo kwa dokotala, kunatsitsa mavuto aakulu a mankhwala kuchoka pa 71 kufika pa 51 pa odwala 100 aliwonse. Amayi nawo asaiwalike: kafukufuku wa 2022 pa odwala oposa 23,000 ku America anapeza kuti chiopsezo chawo cha mavuto aakulu chinali chokwera ndi magawo 34 pa 100 kuposa cha abambo.

Tsopano kwa inu eni makampani ndi mabungwe ovomereza mankhwala. Kwa zaka zambiri mlingo wa mankhwala atsopano a khansa wakhala ukupezedwa pokweza pang'onopang'ono pa timagulu ta odwala atatuatatu mpaka ena atayamba kuvulala, ndiye mlingo wapansi pake n'kukhala wogulitsidwa. Nzeru imeneyi inkamveka pa chemotherapy yakale. Koma mankhwala atsopano olunjika pa chotupa nthawi zambiri amamaliza ntchito yawo asanafike pa mlingo wovulazawo, ndipo amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka. Niraparib anatuluka mu 2017 pa mamiligalamu 300, amayi ambiri magazi n'kuwagwera, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti wolemera pansi pa makilogalamu 77 ayenera kuyambira pa 200. Taganizani kuti ndi amayi angati padziko amene safika makilogalamu 77. Sotorasib anavomerezedwa mu 2021 pa mamiligalamu 960, mapiritsi 8 patsiku, ndipo FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku America, linalamula kuti mlingowo uyerekezedwe ndi 240 mankhwala ali kale pamsika. Mlingo wa 960 sunasinthidwe, koma funso lotere limayenera kuyankhidwa anthu asanayambe kumeza. Ndikuyamikira kuti FDA inayambitsa ntchito ya Project Optimus mu 2021 pofuna kukonza zimenezi, ndipo mabungwe ena atengerepo.

Pali pena pamene mlingo waukulu ukuoneka kuti ukukomera wogulitsa kuposa wodwala. Pembrolizumab poyamba ankapimidwa mamiligalamu 2 pa kilogalamu iliyonse. Lero odwala ambiri amapatsidwa 200 pa milungu 3 iliyonse, womwe ndi mlingo wa munthu wa makilogalamu 100. Wa makilogalamu 55 akulipirira mankhwala amene kale sakanawafuna. Ku Chicago, kafukufuku wa 2018 anaonetsa kuti abiraterone wa mamiligalamu 250 womwedwa ndi chakudya cham'mawa chopanda mafuta ambiri anatsitsa chizindikiro cha khansa ya prostate mofanana ndi wa 1,000 womwedwa ndi njala. Ku Tata Memorial Hospital ku Mumbai, ku India, madokotala anawonjezera nivolumab wa mamiligalamu 20 okha pa mankhwala a odwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, pamene mlingo wozolowereka ndi 240, ndipo amene anali moyo patatha chaka anakwera kuchoka pa 16 kufika pa 43 pa 100 aliwonse. Kafukufuku wotere sangayembekezeredwe kwa amene phindu lake limakula ndi mamiligalamu. Ndi ntchito ya maboma ndi mayunivesite.

Ndikudziwa kuti muyankha kuti ndalama palibe. Koma wodwala mmodzi wogonekedwa milungu ingapo chifukwa cha mankhwala amene anachuluka amadya bedi, magazi, mankhwala opha tizilombo ndi nthawi ya anamwino, ndipo zimenezo n'zodula kuposa kuyeza kumene kukanamuteteza. Mankhwala operewera nawo ndi ndalama yotayika, chifukwa botolo lagulidwa koma silinachiritse. Telala amene akuti tepi yoyezera ndi yodula amawononga nsalu.

Inu odwala ndi owadwazika amene mukuwerenga, chonde musachepetse kapena kuwonjeza mlingo panokha chifukwa cha kalatayi. Chimene mungachite ndi kufunsa: "Mwandiyeza kulemera lero? Impso zanga zili bwanji? Mankhwala awa ndikumwawa sakulimbana ndi amene mukundipatsa?" Ndipo mukayamba kutsegula m'mimba kwambiri, kutentha thupi kapena kutuluka zilonda m'kamwa m'masiku oyamba a chithandizo, musadikire tsiku limene anakulemberani.

Mabwana ndi madona, zopempha zanga ndi izi:

1. Malo alionse operekera chemotherapy akhale ndi sikelo yolondola ndi choyezera kutalika. Wodwala aziyezedwa ulendo uliwonse, kulemera kwa tsikulo kuzilembedwa papepala la mankhwala, ndipo kukasintha kwambiri mlingo uziwerengedwanso. Munthu wachiwiri, makamaka katswiri wa mankhwala, azitsimikiza masamuwo dripi isanasakanizidwe.

2. Mankhwala odalira impso kapena chiwindi asamaperekedwe potengera zotsatira zakale. Zoyezera magazi za odwala khansa ziziwerengedwa pamodzi ndi mankhwalawo pokonza bajeti, kuti musamagule chimodzi n'kusiya chinzake.

3. Kuyeza DPD kukhale lamulo fluorouracil kapena capecitabine asanayambe, ndipo njira imene mwasankha ikhale yoona kusintha kwa majini kopezeka mwa anthu amene chipatalacho chimathandiza. Kumene sizingatheke msanga, ikani chaka chimene mudzayambe, ndipo pakali pano wodwala aliyense aziuzidwa za ngoziyi m'chinenero chake, n'kupatsidwa nambala ya foni imene imayankhidwa usiku ndi usana. Ana oyamba mercaptopurine aziyezedwa TPMT ndi NUDT15.

4. Wodwala asayambe chithandizo asanakhale pansi ndi katswiri wa mankhwala n'kuonetsa zonse zimene akumwa, zitsamba zomwe, popanda kudzudzulidwa. Makiliniki a khansa, a ma ARV ndi a TB azilemberana.

5. Malamulo onena za kuchuluka kwa ma neutrophil aunikidwenso poganizira anthu a Duffy-null, m'chipatala ndi m'kafukufuku momwe.

6. Okalamba ndi ofooka aziyesedwa kulimba kwa thupi mlingo usanasankhidwe.

7. Mabungwe ovomereza mankhwala asamalandire mankhwala atsopano a khansa amene sanayesedwe pa milingo iwiri kapena kuposa. Makampani azionetsa poyera kuti anayesa pa anthu otani, amayi angati, okalamba angati, a mitundu iti, olemera motani, ndipo mabotolo azipangidwa a misinkhu yosiyanasiyana kuti wodwala wochepa thupi asamalipire mankhwala okatayidwa. Maboma ndi mabungwe othandiza aike ndalama pa kafukufuku woyesa milingo yocheperako ya mankhwala odula amene ali kale pamsika, ndi pa labotale zoyeza mankhwala monga methotrexate ndi fluorouracil m'magazi, ngakhale imodzi yothandiza zipatala zingapo.

8. Wodwala aliyense amene wamwalira pasanathe masiku 30 chilandirireni chemotherapy, imfa yake iziunikidwa: analandira mlingo wanji, unawerengedwa bwanji, anayezedwa chiyani. Cholinga chisakhale kulanga namwino kapena dokotala, chifukwa mukatero adzabisa. Ziwerengerozo zizifalitsidwa chaka ndi chaka, ndipo banja limene lafunsa chimene chinapha m'bale wawo liziyankhidwa zoona.

Ndine wanu mwaulemu,

Mmodzi mwa odwazika odwala khansa